Kapu Yobiriwira ya Emmett

Lachisanu, 7 Febuluwale

Atigoneka. Namwino wandiuza kuti ndizilemba zonse zimene ndikuona pa mwana, poti madokotala kuno amasinthana, aliyense n'kumafunsa zomwe mnzake wafunsa kale. Ndiye ndiyambire pachiyambi, wina asadzandifunsenso.

Mwanayo ndi Emmett Zastrow, wa zaka zisanu ndi chimodzi, mmodzi yekhayo amene tili naye. Ali ndi otizimu, vuto la kakulidwe ka ubongo, salankhula. Ine ndine Jolene, mayi ake. M'mawa uno wagwa m'khola la ana a ng'ombe, thupi lonse gwa, kenako kuphupha, thovu kukamwa. Kurt, mwamuna wanga, wamunyamula n'kuthamangira naye kugalimoto atavala majombo a ndowe omwewo. Akuti ndi khunyu. Chibadwire sanagwepo.

Amuika kachubu ka diripi padzanja lamanzere asanatsitsimuke, mwamwayi. Kumutu amumata mawaya a makina oyeza ubongo n'kumukulunga ndi nsalu yoyera. Mankhwala a khunyu ndi amadzi, m'mawa ndi madzulo. Kurt wabwerera kukakama. Ng'ombe sizidziwa za chipatala.

Ndili ndi mantha.

Loweruka, 8 Febuluwale

Wadzuka. Choyamba wandigwira pamkono n'kukokera dzanja langa kuchikwama komwe kuli kapu yake. Ndapuma.

Umu ndi momwe Emmett amalankhulira. Amandigwira pamkono n'kupita nalo dzanja langa pa chinthu chomwe akufuna: pachitseko, pafiriji, pamwendo pomwe pakumuyabwa. Sagwira munthu wina aliyense, ngakhale bambo ake. Ali ndi chaka ndi theka ankati "mama", ankati "muu" akaona ng'ombe, ankati "ayi" momveka bwino ngati loya. Kenako mawuwo anayamba kuthothoka limodzilimodzi, pofika zaka ziwiri kunali zii.

Chakudya chake ndi mkaka wa pakhomo pathu, wowiritsa, mu kapu yake yobiriwira ya pulasitiki, ndi mabisiketi a mchere a mtundu umodzi. Basi. Mkaka wa m'sitolo amaununkhiza n'kuukankha. Kapuyo ndimagwira ine, iye n'kugwira mkono wanga, kumaupendeketsa yekha mpaka mkaka utha. Lero wamwa makapu atatu. Sanagwenso.

Namwino wathu ndi Pakou Vang, wamfupi, woyenda ngati ali ndi mateyala kumapazi. Wandionetsa kachipinda ka kumapeto kwa khonde, kojambulidwa nsomba m'makoma.

"Mayi a Emmett, kuno tili ndi lamulo lathu," watero. "Chilichonse chopweteka timachitira muno, osati pabedi. Bedi ndi pothawira mwana. Ndipo inu simugwira nawo ayi. Ogwira ndife, azidana ndi ife, ntchito yake ndi imeneyo. Inu mbali yanu ndi kumulandira zikatha."

Ndaseka. Ndati ndi lamulo labwino.

Lamlungu, 9 Febuluwale

Abwera Kurt ndi apongozi anga, amayi Arlene, pochokera kutchalitchi. Apongozi anyamula mbale yawo yotchuka ija ya mbatatesi, nyama yogaya ndi tchizi pamwamba. Kwathu mbale imeneyi imapita kumaliro ndi kuchipatala kokha, ndiye ukaiona ikulowa pakhomo umadziwa kuti zako zavuta.

Kurt waona kabokosi koyera pawindo. Ndinakaitanitsa mwezi watha ndipo kakhala kakuyenda nane m'galimoto. Mkati muli kabotolo ka magazi, kathumba koziziritsira, ndi pepala loti dokotala asaine.

Ndilembe momwe ine ndikuzimvera. Pali vitamini wina, foleti, amene ubongo wa mwana umamufuna kuti ukule. Amalowa mu ubongo kudzera pa timakomo tating'onoting'ono. Mwa ana ena asilikali a m'magazi amasokonezeka, m'malo molimbana ndi matenda amakaima pa timakomo tija n'kutseka. Foleti ali mbwee m'magazi, ubongo uli ndi njala. Akayeza magazi n'kuwapeza asilikaliwo, pali mapiritsi, lukovorini, amene amati amalowera khomo lina. Amayi a ana a otizimu m'gulu lathu la pa foni amatumiza mavidiyo: mwana amene sankalankhula akuti "madzi", wina akuti "amayi". Ndawaonera mavidiyowo mpaka ana a eni ake ndimawadziwa ndi maina. Kawiri ndinapita naye Emmett kukiliniki ya m'tauni mwathu kuti akamutenge magazi, kawiri konse anakakamira chitseko cha galimoto tinachita kubwerera.

"Zija za pa foni zija wafika nazo mpaka kuno?" wafunsa Kurt.

"Si za pa foni, ndi za ku labotale."

"Paja akuti mkaka wa ng'ombe ndi umene umautsa asilikaliwo eti? Ndiye akapezeka nawo, wamutseka pakamwa mwanayu ndine?"

"Ine sindinatero."

"Suchita kufunika kutero. Bokosilo likunena lokha."

Apongozi alowerera. "Ana inu, mukakanganirane kunja. Jolene mwana wanga, Kurt uyu analankhula ali ndi zaka zinayi, lero si uyu?"

"Amayi, Kurt amalankhula mawu khumi pa tsiku, ndipo asanu ndi olankhula ndi ng'ombe."

Apongozi aseka mpaka kutsokomola. Kurt sanaseke. Wasiya fulasiki ya mkaka patebulo, wamusisita Emmett kuphazi, wapita. Agogo ake a agogo ake ndiwo anamanga khola lija, ndiye ukanena mkaka wanena mtundu wonse.

Chimene sindinamuuze n'chakuti ndimapemphera kuti mwana wanga apezeke nawo asilikaliwo. Ndi mayi wanji wopempherera mwana wake matenda? Koma matenda amenewo ali ndi mapiritsi. Otizimu alibe.

Lolemba, 10 Febuluwale

Mawaya achotsa. Tsitsi lonse lili nyatanyata ndi guluu. Dokotala wa ubongo, a Halvorsen, mayi wamtali wolankhula ngati akuyenda pa ayezi, akuti makina aonetsa kuti khunyu likuchokera mbali ya kumanzere. Mankhwala akugwira. Zikapitirira chonchi tituluka Lachinayi.

Ndawaonetsa kabokosi. Sanakwinye nkhope, ndiwayamikire pamenepo.

"Ndikukudziwa kuyeza kumeneku," atero. "Kafukufuku alipo koma ndi wochepa. Ana ena amasintha pang'ono, ambiri sasintha. Ndipo asilikaliwa amapezekanso mwa ana ena amene alibe otizimu n'komwe. Ine nkhawa yanga panopa ndi khunyu."

"A dokotala, ine sindikupempha lonjezo. Ndikupempha kabotolo kamodzi ka magazi."

"Ndisaina. Koma sikuti zikuthawa. Mutha kudikira akhazikike kaye."

Asaina. Mawu oti "ambiri sasintha" ndawamva, koma khutu langa lasunga oti "ena amasintha".

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Pakou wayesa kukoka magazi kudzera pa kachubu ka diripi kuti asachite kumubaya. Kakana. Madzi kakulola kulowa, magazi osatuluka. Akuti timachubu timatero tikakhalitsa. Wakachotsa.

Zinthu zili chonchi. Labotale ili kutali, magazi amapita pa ndege, ndipo phukusi liyenera kunyamuka pasanadutse Lachitatu kuopa kuti lingagone m'njira Loweruka ndi Lamlungu n'kuwonongeka. Wonyamula maphukusi amafika masana. Renee, mayi amene amakonzekeretsa ana ndi zidole ndi zithunzi asanabayidwe, sabwera mpaka Lachinayi. Ndipo Lachinayi ndi tsiku lotuluka.

"Mudzabwere sabata yamawa," watero Pakou. "Tidzachita mwadongosolo. Mafuta ochititsa dzanzi, Renee, kachipinda ka nsomba."

"Sabata yamawa sadzatsika m'galimoto. Ine ndadikira zaka zinayi."

"Ndiye sabata imodzi ikulemerani chiyani?"

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Iye ana ake amamubwebwetera m'makutu tsiku lonse.

M'kakhitchini ka makolo ndakumana ndi Yolanda Cuevas wa chipinda choyandikana. Mwana wake Marisol ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, akudikira opaleshoni ya ubongo, khunyu lake lakana mankhwala onse. Wandipatsa mkate wa chimanga wokulunga m'makoko, wotentha, wa tsabola. Ndamufotokozera za asilikali ndi timakomo. Wamvetsera akutafuna.

"Iwe wa ng'ombe," watero, "ine ndayesa mafuta, ndayesa zakudya zopanda shuga, ndayesa ansembe awiri, wina wochita kuchokera ku Texas. Ukaona chinthu chikunyezimira pa foni, m'bale wanga, gwira mtima wako ndi manja awiri."

"Izi ndi za sayansi."

"Eya. Zanganso zinali za sayansi, kupatula ansembe."

Chipale chofewa chagwa tsiku lonse. Kurt sanabwere, watumiza mkaka ndi woyandikana naye nyumba.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Atenga magazi. Ndilemba zonse, wina asadzanene kuti ndi a chipatala.

Pakou lero akupuma. Kunabwera mtsikana wotenga magazi ndi kangolo kake. M'kachipinda ka nsomba munali mwana wopsa ndi moto akumutsuka mabala, akuti zitenga nthawi. Wonyamula maphukusi anali atatsala pang'ono kufika.

Ndinati, "Tichitire pompano."

Mtsikana uja anati, "Mayi, kuno sitibayira pabedi."

"Mwanayu ndi wanga kapena wanu?"

Anaitana namwino wina. Nayenso ananena zomwezo, n'kuwonjezera kuti mafuta a dzanzi amafuna nthawi kuti agwire. Ndinakweza mawu. Ndinatchula a Halvorsen, ndinawaonetsa posaina. Ndinati mwanayu ndimamudziwa ine, akamamwa mkaka samva ngakhale thirakitala. Anayang'anana, kenako namwino uja anati, "Mwavomereza inu mayi."

Ndinathira mkaka mu kapu yobiriwira. Ndinakhala pabedi kumbuyo kwake, iye pakati pa miyendo yanga, monga timakhalira m'mawa uliwonse. Anandigwira pamkono, anapendeketsa kapu, anayamba kumwa. Ndinamva thupi lake likufewa, kutsamira pachifuwa panga. Pamenepo ndinawapatsa chizindikiro ndi maso.

Atamumanga kalamba pamkono anadzidzimuka. Ndinamupana ndi miyendo, ndinamukulunga ndi dzanja pachifuwa, momwe timagwirira mwana wa ng'ombe pomuboola khutu. Ntchito imeneyo ndimaidziwa, sandipulumuka. Anakuwa mkaka uli m'kamwa, unamutsamwa, unatuluka ndi m'mphuno momwe. Anabaya kawiri osapeza mtsempha. Mtsikana uja anati tisiye. Ine ndinati, "Bayani! Ndamugwira!" Kachitatu anaupeza.

Nthawi yonseyo dzanja lake lina linali pamkono panga. Ankalikoka dzanja langa, kulikokera kusingano, kuti ndiichotse. Ankandiuza. Ine ndinaumitsa dzanja.

Ndinanyamula kabokosi ndekha kutsika nako pansi. Ndinamupeza wonyamula maphukusi akutseka galimoto. Ndilembe chilungamo: m'chikepe, pobwerera, ndinkamwetulira.

Ndamupeza Emmett ali pansi, pakona, pakati pa kabati ndi khoma. Ndayandikira, watembenukira kukhoma.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Sanamwe kalikonse kuyambira dzulo. Akaona kapu yobiriwira akukuwa n'kudzimenyetsa mutu kukhoma. Ndayesa kapu ina, wamva fungo la mkaka, wachita mseru. Mabisiketi wakana. Pabedi sakwera, wagona pansi pa kamphasa kamene amuyalira.

Mankhwala a khunyu walavula. Sititulukanso.

Pakou wabwera, wawerenga zomwe analemba anzake, wandiyang'ana. Ndimadikira kuti andikalipire, ndikanakonda akanatero. Wangoti, "Mwadya inu?" n'kukatenga bulangete lina la pansi.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Amubwezera diripi, m'kachipinda ka nsomba, Renee ali pomwepo ndi zithunzi zake. Ine anandiimika pakhomo kuti ndimulandire zikatha. Zitatha wandilambalala ngati mpando.

Madzi, shuga ndi mankhwala a khunyu zonse zikudzera m'diripi. Pakamwa palibe chalowa.

Sanandigwire pamkono.

Lamlungu, 16 Febuluwale

Kurt wabwera ndi fulasiki. Ndamuuza zonse, kuti ndinagwiritsa ntchito kapu, kuti ndinamupana ndine. Wamvetsera atayang'ana pansi, chipewa chili m'manja.

"Ndi mkaka?" wafunsa.

"Ndi mkaka."

"Jolene, ngakhale mwana wa ng'ombe sitimuboola khutu akuyamwa. Umadziwa iwe zimenezo."

Ndimadziwa. Anandiphunzitsa ndi iye yemweyo chaka chomwe tinakwatirana: mwana wa ng'ombe ukamupweteka ali pa botolo amalikana botolo. Ndakhala ndikuwaphunzitsa antchito athu zimenezo.

Kurt wavula jekete lake lonunkha khola n'kuliika pansi pafupi ndi kona. Patapita nthawi Emmett walikoka n'kuliphimba kumutu. Popita Kurt wakhuthulira mkaka musinki, watsuka fulasiki bwinobwino, wapita wopanda jekete kunja kukuzizira chonchi.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Watsika sikelo. Masaya alowa. A Halvorsen abwera ndi dokotala wa zakudya, agwirizana zomuika chubu chodutsa m'mphuno mpaka m'mimba. Ndasaina.

Chubu amuika masana. Wachizula kawiri, ndiye amuveka timatabwa tofewa m'zigongono kuti manja asafike kumaso. Chakudya ndi chamadzi cha m'chitini, chikulowa pang'onopang'ono ndi kamakina kolira ngati wotchi. Ndawerenga pachitinipo. Chinapangidwa kuchokera ku mkaka wa ng'ombe. Ndaseka ndekha mpaka Pakou wasuzumira kuti aone ngati ndili bwino.

Sindili bwino.

Lachinayi, 20 Febuluwale

Sanagwe. Mankhwala akudzera m'chubu. Pakamwa zii.

M'gulu la pa foni ndinalemba kuti magazi apita. Andithirira tizithunzi ta timitima tambirimbiri. Wina walemba kuti, "Ndiwe mayi wolimba, mwana wako adzakuthokoza ndi pakamwa pake." Sindinawauze za chubu.

Ndimatsegula foni kuona ngati zotsatira zabwera, ndikatseka n'kutsegulanso. Tsopano sindikungofuna kuti asilikaliwo apezeke. Ndikufuna apezeke kuti zomwe ndinachita zikhale ndi chifukwa.

Loweruka, 22 Febuluwale

Marisol amuchita opaleshoni Lachinayi, zayenda. Yolanda ndamupeza m'kakhitchini akulira ndi kuseka nthawi imodzi, akuti mwana wadzuka n'kupempha foni yake asanapemphe madzi.

Wandiona nkhope, wasiya kuseka.

"Iwe wa ng'ombe, wayamba kuoneka ngati mzukwa. Khala pansi."

"Sakundifuna, Yolanda."

"Marisol anandiuzapo kuti amadana nane, ine nditamukakamiza zakudya zija. Mwezi wathunthu osandilankhula. Zinatha."

"Wako anakuuza. Iwe unamuuza kuti pepa, iye n'kumva. Ine ndimuuza bwanji? Ndamuuza kambirimbiri, sindikudziwa ngati mawuwo akufika."

Wandithirira khofi woipa wa m'makina uja, tamwa.

Lachiwiri, 25 Febuluwale

Kwayamba kubwera mayi wophunzitsa ana kudya. Lero ntchito inali yoti Emmett angolola sipuni yopanda kanthu ikhale pathireyi pafupi naye. Walola. Kenako ine ndasuntha pampando, waikankha sipuni ija.

Mayiyo walemba kenakake. Pambuyo pake wandiitanira pakhonde, wayamba kuzungulira ngati galu wofuna pogona. Ndati angonena. Akuti waona kuti mwana amakhazikika bwino ine ndikatuluka, ndiye mwina nthawi yophunzira kudya ndizikamwa khofi.

Ndati chabwino. Ndakhala m'chimbudzi cha alendo mpaka nthawi yatha.

Lachinayi, 27 Febuluwale

Apongozi abwera ndi mbale ina. Lero za Kurt wolankhula mochedwa sanazitchule. Akhala pampando, akumuyang'ana mdzukulu wawo ali pakona ndi chubu m'mphuno.

"Ine ndikanachitanso chimodzimodzi," atero.

"Musandinamize, amayi."

"Chabwino, sindikanatero. Koma ine sindinadikirepo zaka zinayi kuti mwana anditchule." Anditambasulira foloko. "Idya, mwana wanga. Ukagwa iwe tigoneka awiri, ndipo mbale ndili nazo ziwiri zokha."

Ndadya. Sikelo ya Emmett yaima, sikutsikanso.

Loweruka, 1 Malichi

Yolanda ndi Marisol atuluka. Wandisiyira pilo wake. M'chipinda mwawo mwalowa khanda lolira mosalekeza.

Emmett walola sipuni yonyowa ndi madzi kukhudza mlomo, ine kulibe. Ndachita kuuzidwa.

Kurt akubwera tsiku lililonse tsopano, ng'ombe za madzulo akukama mphwake. Tsiku lililonse amabwera ndi fulasiki ya mkaka, tsiku lililonse amaikhuthulira musinki. Ndamuuza kuti asiye kudzivutitsa. Wati, "Tsiku lomwe adzaufune, upezeke."

Lolemba, 3 Malichi

Zotsatira zabwera. A Halvorsen alowa nazo okha, Kurt ali pomwepo.

Anayeza mitundu iwiri ya asilikali, otseka khomo ndi ongomatirira pakhomopo. Onse awiri palibe. Magazi anafika bwino, sanawonongeke m'njira. Ndafunsa ngati labotale ingalakwitse. Akuti chiwerengero cha asilikaliwa chimatha kukwera ndi kutsika, ena amayezanso pakapita miyezi, koma iwo sangalole wina kumuyandikira Emmett ndi singano pa chifukwa chimenechi posachedwa.

"Kunena zoona iyi ndi nkhani yabwino," atero. "Thupi lake silikudzimenya lokha."

Ndimafuna kuwagenda ndi fulasiki.

Kurt wafunsa chinthu chimodzi chokha. "Ndiye mkaka ulibe mlandu?"

"Pa zimene tayezazi, ulibe."

Ndimayembekezera kuti Kurt andiyang'ana. Sanatero. Wadzuka, waima pawindo, mapewa akugwedera. Chikwatirane sindinamuonepo akulira, ngakhale pamaliro a bambo ake. Mwezi wonsewu nayenso wakhala akudikira kabokosi kaja, kuti amve ngati anamupweteka mwana wake ndi manja ake.

Ndiye palibe asilikali, palibe khomo lotsekedwa, palibe mapiritsi otsegulira. Emmett ndi Emmett yemwe uja wa mu Januwale, kungoti uja ankamwa mkaka ndipo ankandigwira pamkono.

M'gulu la pa foni ndatulukamo osatsanzika.

Lachiwiri, 4 Malichi

Sindinalembe za mankhwala lero. Ndi omwe aja.

Kurt anafika m'mawa atangomaliza kukama. Mayi wophunzitsa kudya anati lero ayese bambo, ndi kakapu ka pepala ka chipatala, mkaka wongonyowetsa pansi. Ine ndinali ndisanatuluke, ndimapinda mabulangete, kuchedwetsa dala.

Emmett anadzuka pakona paja. Anayenda kudutsa bedi, kachubu kakulendewera patsaya, anabwera molunjika kwa ine. Anandigwira pamkono.

Kadzanja kake kozizira, kowonda, pamalo pake penipeni. Kurt anati chapansipansi, "Jolene, usasunthe." Pakou anaima pomwe anali ndi thireyi m'manja. Ine ndinalola dzanja langa lipepuke kuti apite nalo kulikonse komwe akufuna, kuchikwama, kuwindo, kumutu kwake.

Anandikoka mpaka pachitseko. Anaika dzanja langa pa chotsegulira. Ndinatsegula, ndimaganiza kuti akufuna tizipita kwathu. Koma iye sanatuluke. Anandikankha pamsana ndi manja awiri, mofatsa, osakwiya, mpaka mapazi anga onse ali pakhonde. Kenako anakankha chitseko, chinatsekeka.

Zaka zinayi ndakhala ndikupempha kuti mwana wanga andiuze chinthu chimodzi chomveka bwino. Wandiuza, ndipo ndamva.

Ndikulemba izi pampando wa pakhonde. Pakou watuluka posachedwapa, wabweza chitseko pang'onopang'ono kuti chisalire.

"Wamwa," watero. "Pang'ono chabe, koma wameza. Wagwira mkono wa bambo ake."

Ndadzuka.

"Musalowe kaye, mayi a Emmett."

Ndakhalanso pansi. Kapu yobiriwira ili m'chikwama mwanga. Ndinaitsuka kale.